Ntchito za amayi zimatayikira pa fomu: malangizo kwa ochita kafukufuku m'midzi

Mwa mafunso onse amene timayenda nawo m'midzi pofufuza za chuma cha pakhomo, limene limawononga kwambiri ndi lalifupi: "Kodi mayi mumagwira ntchito?" Mayi amayankha mwaulemu kuti, "Ayi, ine ndimangokhala." Wofunsa amadina pa tabuleti, basi mafunso onse otsatira a maola, malipiro ndi geni adumphidwa okha. Chonsecho mayiyo wadzuka kusanache, wapalira mtedza, wakazinga zitumbuwa zimene zili m'beseni pa msewu, ndipo dzulo anali pa ganyu wobandira m'munda wa eni. Sananame. Iye wamva kuti mukufunsa za ntchito ya pamwezi.

Ndikulembera inu amene mwangoyamba kumene kufunsa mafunso a kafukufuku, ophunzira amene mukukonza kafukufuku womalizira maphunziro anu, ndi anzanga a m'mabungwe amene mumatumidwa kukatolera manambala. Ntchitoyi ndaigwira nthawi yaitali, kufunsa ndiponso kuyang'anira ofunsa, ndipo chimene chimandiwawa n'chakuti nambala yolakwika siithera pa tabuleti. Imakalowa mu lipoti, lipotilo n'kukhala maziko a ndondomeko ya ngongole, ya ulangizi kapena ya sukulu. Mayi amene sanawerengedwe pa khonde sadzaganiziridwanso ku likulu.

Vutoli si lathu lokha. Claudia Goldin, amene analandira mphoto ya Nobel ya za chuma mu 2023, anabwerera m'mabuku akale a kalembera a ku America ndipo anapeza kuti amayi okwatiwa ankangolembedwa kuti ndi akazi a uje, ngakhale ankalima, kusunga alendo olipira kapena kuthandiza mu bizinesi ya banja. Atakonza manambalawo, amayi okwatiwa ogwira ntchito chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890 anapezeka kuti anali pafupifupi katatu kuposa amene kalembera analemba.

Njira yopewera zimenezi ndi kuphwanya funso limodzi lija kukhala angapo, lililonse lotchula zinthu zimene munthu angazione m'maso. Nthawi yake ikhale masiku 7 apitawa, ndipo muwatchule: "kuyambira Lachiwiri lapitali kufika dzulo." Yambani ndi ntchito yolipidwa, ngakhale ya ola limodzi: ganyu wopalira, wotunga madzi kwa omanga nyumba, wochapa, wosenda mtedza. Nenani momveka kuti malipiro a chimanga, ufa kapena madeya ndi malipiro ndithu, chifukwa m'miyezi ya njala ganyu wambiri wa amayi amalipidwa choncho ndipo eni ake samuwerengera. Kenako geni yakeyake: mandasi, thobwa, tomato wa pamulu, nkhuni, makala, kachasu, kaunjika, kumanga tsitsi. Kenako kuthandiza pa geni ya wina wa pakhomopo popanda malipiro, monga kukhala mu okala bambo akapita kokapikula katundu. Apa ndi pamene amayi ambiri amasowera, poti okalayo amadziwika ndi dzina la bambo. Kenako munda, dimba, ziweto ndi nsomba. Funso lomaliza, limene ofunsa otopa amakonda kulilumpha, ndi la amene wayankha "ayi" ponseponse: kodi pali ntchito imene mwangoimitsa kwa kanthawi? Maliro, kudikirira wodwala kuchipatala ndi uchembere zimachotsa amayi pa geni kwa sabata kapena kuposa, ndipo mukapanda kufunsa mumalemba wamalonda ngati wongokhala.

Ku Tanzania anaziyesa zimenezi mwadala. Elena Bardasi, Kathleen Beegle, Andrew Dillon ndi Pieter Serneels anagawa makomo mwamaere, ena n'kufunsidwa ndi fomu yaifupi, ena ndi yatsatanetsatane, ndipo zotsatira anazifalitsa mu 2011. Pa fomu yaifupi anthu ambiri anasakaniza ntchito zapakhomo ndi ntchito zopezera ndalama, ndipo atazilekanitsa, chiwerengero cha amayi ogwira ntchito chinatsika poyerekeza ndi cha fomu yatsatanetsatane. Anthu ake ofanana, midzi yake yomweyo, chosiyana kafunsidwe kokha.

Pa za munda musaiwale kufunsa ngati zokololazo n'zogulitsa kapena n'zodya pakhomo. Mu 2013 msonkhano wa akatswiri owerengera za ntchito, umene umayendetsedwa ndi ILO, bungwe la dziko lonse loona za ntchito, unasintha tanthauzo la ntchito: ntchito yolipidwa kapena yofuna phindu inaikidwa payokha, kulima chakudya cha pakhomo n'kukhalanso payokha. Mukamayerekeza lipoti lakale ndi latsopano, yambani mwaona tanthauzo limene lililonse linatsata. Apo ayi mudzalemba kuti amayi asiya kugwira ntchito pomwe makasu ali m'manja momwemo.

Tsopano nkhani ya woyankha. Mwachizolowezi timafika pakhomo, kupereka moni kwa bambo, ndipo bamboyo amayankhira aliyense. N'kofulumira, koma mtengo wake unaoneka kuno komwe. Mu 2016 ndi 2017 ofesi ya boma yowerengera anthu ndi zinthu ya NSO ya ku Zomba inayendetsa kafukufuku wamkulu wa m'makomo wa IHS4 mwa njira yachizolowezi, ndipo mu 2016 momwemo munali winanso, IHPS, amene akuluakulu a pakhomo ankafunsidwa aliyense payekha. Talip Kilic wa ku World Bank ndi anzake atayerekeza ziwirizi anapeza kuti njira yachizolowezi imabisa ntchito zambiri, zolipidwa ndi za geni, makamaka za amayi, ndipo zimanyanya funso likakhala la miyezi 12. Pa za malo, njira yachizolowezi inachulutsa abambo onena kuti munda ndi wawo okha, n'kuchepetsa amayi onena kuti ndi wa onse awiri. Ku Tanzania kuja zinatuluka mosiyanako: kuyankhiridwa kunatsitsa manambala a abambo, osati a amayi. Ndiye vuto si jenda yokha. Munthu aliyense amadziwa bwino tsiku lake kuposa la mnzake.

Kufunsa mayi payekha kumafuna nzeru, chifukwa mukachita mwaphuma mumamusiyira mlandu pakhomo. Yambirani kwa amfumu. Pakhomo fotokozerani bambo ndi mayi limodzi kuti aliyense ali ndi mafunso ake ndipo zoyankha za wina sizipita kwa mnzake. Ngati muli awiri, wamwamuna atenge bambo, wamkazi atenge mayi, nthawi imodzi, kuti pasakhale wopita kukafunsa mnzake kuti wayankha chiyani. Khalani poonekera koma posamveka, pansi pa mtengo wa mango kapena pafupi ndi nkhokwe, osati m'nyumba motseka. Apongozi akabwera kudzakhala pamphasa, sinthani mupite ku mafunso a zitsime ndi misewu mpaka achoke. Ndipo zimene mwamva zokhudza ndalama za ku banki mkhonde kapena mbuzi imene ikusungidwa kwa achimwene ake, zisatuluke pakamwa panu, ngakhale mocheza m'galimoto. Amayi ena amasunga ndalama mobisa pa zifukwa zomveka, ndipo kuulula kungawapweteketse.

Nthawi yofikira nayonso ndi mbali ya kafukufuku. M'dzinja mmawa mupeza agogo ndi ana okhaokha, tsiku la msika chimodzimodzi. Wofunsa amene akuthamangira kukwanitsa makomo a tsikulo amangofunsa amene wamupeza, ndipo amayi otanganidwa kwambiri, amene ndi omwe tikuwafuna, ndiwo amayankhiridwa. Oyang'anira, lolani ulendo wachiwiri ndi wachitatu, ndipo pa fomu pakhale malo olemba amene wayankha gawo lililonse.

Phindu la geni limavuta mwa njira yake. Mukafunsa kuti "mumapeza zingati pamwezi?" yankho limakhala "sizidziwika, timangodyeratu." Tsatani mkombero umodzi wa geniyo. Kwa wa mandasi: ulendo womaliza munagula ufa wochuluka bwanji, mafuta, shuga, yisiti, nkhuni? Anatuluka mandasi angati? Angati anadya ana, angati anapita pangongole, angati anatsala? Mumakazinga kangati pasabata, ndipo ndi miyezi iti imene mumasiya? Funso la miyezi n'lofunika chifukwa geni zambiri za amayi zimayamba akakolola ndipo zimafa mpamba ukadyedwa mu Januwale kapena ukapita ku fizi. Pomaliza funsaninso mwachindunji kuti mpamba ukabwerera zimatsala zingati. Kafukufuku wa Suresh de Mel, David McKenzie ndi Christopher Woodruff ku Sri Lanka anaonetsa kuti funso lachindunji la phindu limayandikira zoona kuposa kuchotsera zogula pa zogulitsa, poti anthu amachepetsa zogulitsa. Ine ndimafunsa zonse ziwiri. Kuwerengera kuja kumathandiza mayi kukumbukira, ndipo manambala awiriwo akatalikirana kwambiri mumadziwa kuti pali chimene chatsala.

Ku munda ndi kumene manambala amasokonekera kwambiri. Kwa zaka zambiri takhala tikumva kuti amayi amagwira 60 mpaka 80 peresenti ya ntchito zaulimi mu Africa. Amparo Palacios-Lopez, Luc Christiaensen ndi Talip Kilic atawerenga bwinobwino m'maiko 6, mu 2017 anapeza 40 peresenti pophatikiza onse. Ku Malawi 52, ku Uganda 56, ku Niger 24 yokha. Ena amakhumudwa akamva zimenezi, ngati kuti zikuchepetsa amayi. Ine sindiona choncho. Theka la ntchito ya kumunda, kuwonjezapo madzi, nkhuni, chigayo, kuphika, ana ndi odwala, ndi katundu wolemera kale, ndipo safuna kukokomeza. Nambala yokokomeza ikagwidwa, anthu amayamba kukayikira ndi zoona zomwe.

Maola a kumunda musawafunse kamodzi pakutha pa nyengo ngati mungathe kupewa. M'chigawo cha Mara ku Tanzania, alimi ena ankayenderedwa sabata ndi sabata, ena n'kufunsidwa atakolola. Ofunsidwa pamapeto anatchula maola a munthu mmodzi pa munda umodzi ochuluka mpaka kanayi, komanso anaiwala minda ina ndi anthu ena amene anagwirako. Munthu akamakumbukira amatenga sabata yopalira, imene inamupweteka msana, n'kuiyesa ya chaka chonse. Ngati ndalama sizilola maulendo ambiri, dulani nyengoyo m'zigawo: kusosa, kugalauza, kubzala, kupalira, kuthira feteleza, kubandira, kukolola, ndipo pa chilichonse mufunse amene anapita, masiku angati, kuyambira nthawi yanji. Musalekere pa kukolola. Kutonola chimanga, kusenda mtedza, kusoka ndi kusankha fodya m'chigafa ndi ntchito zimene amayi ndi ana amathera masiku, koma mafomu ambiri alibe mzere wake.

"Munda uwu ndi wa ndani?" nalonso liphwanyeni. Amasankha mbewu ndani, amalima ndani, amakagulitsa ndani, ndalama amasunga ndani, angaugulitse kapena kuusiyira mwana ndani. Kumadera a chikamwini monga Zomba ndi Mulanje munda ungakhale wa mayi koma za feteleza ndi malonda akulamula ndi bambo; kwa a chitengwa ndi kumpoto zimakhalanso zina. Mundawo muuzungulire ndi GPS. Alimi amakonda kunena "ekala imodzi" kapena "theka," ndipo minda ing'onoing'ono imakulitsidwa pakamwa, zimene zimatsitsa zokolola za pa ekala mukamawerengera. Pa zokolola funsani ngati ngolo kapena dengulo linali la chimanga chotonola kapena chosatonola, ndipo muwerengere nandolo, maungu ndi nyemba za m'mizere yomweyo. Ndi kuyeza kosamala kotereku, kafukufuku wa m'makomo wa NSO wa IHS3 wa 2010 ndi 2011 anaonetsa kuti minda yoyendetsedwa ndi amayi imatulutsa zochepa ndi 25 peresenti poyerekeza ndi ya abambo, ndipo zifukwa zazikulu zinali kuchepa kwa amuna akuluakulu othandiza kulima, kusalima mbewu zamalonda ngati fodya, ndi kuchuluka kwa ana ofuna chisamaliro. Zifukwa zimenezi zikuloza kumene thandizo liyenera kupita, ndipo sizikanaoneka munda uliwonse ukanalembedwa m'dzina la mutu wa banja.

Za kagwiritsidwe ntchito ka nthawi ndinene mwachidule. Funsani za dzulo lokha, kuyambira podzuka, m'zigawo za mphindi 15. Wotchi isakuvutitseni: tambala woyamba, azana ya kumzikiti, belu la kusukulu ndi dzuwa pamutu zimakwanira. Pa chilichonse funsani kuti "nanga mwana anali kuti?" chifukwa kulera kumachitika pamodzi ndi ntchito ina ndipo palibe mayi amakutchula yekha. Lembaninso ngati dzulolo linali tsiku wamba.

Ku mbali ya sukulu, phunziro lalikulu linachokera ku Zomba, ndipo ndimafuna aliyense wolowa ntchitoyi alidziwe bwino. Mu 2008 ndi 2009 Sarah Baird, Craig McIntosh ndi Berk Özler anayendetsa kafukufuku wa atsikana osakwatiwa a zaka 13 mpaka 22 m'madera 176 a kalembera m'bomalo. Theka la maderawo linasankhidwa mwamaere kuti lilandire ndalama mwezi ndi mwezi. Makolo ankalandira madola a ku America 4, 6, 8 kapena 10, mtsikana mwiniwake dola 1 mpaka 5. M'madera ena ndalamazo zinali ndi lamulo lakuti mtsikana azipezeka m'kalasi masiku osachepera 80 mwa 100 aliwonse. M'madera ena zinalibe lamulo lililonse.

Atafunsa atsikanawo ngati ali pasukulu, mayankho anaonetsa ngati ndalama zopanda lamulo ndizo zikuthandiza kwambiri. Atapita m'sukulu kukafunsa aphunzitsi ndi kuona makaundula, nkhani inatembenuka: ndalama zalamulo ndizo zinasunga atsikana ambiri m'kalasi, ndipo mphamvu ya zopanda lamulo inali 43 peresenti chabe ya zinzakezo. Magulu onse ankawonjezera ponena za kupita kusukulu, koma osati mofanana, ndipo kusafanana kumeneku n'kumene kumapha kafukufuku. Ofufuzawo akanakhulupirira mayankho apakamwa okha, akanalangiza boma zosemphana ndi zimene zinachitika.

Choncho inu musadalire funso lakuti "uli pasukulu?" Mtsikana amene wajomba teremu yonse amayankha kuti inde, chifukwa mumtima sanasiye, kapena chifukwa cha manyazi, kapena poganiza kuti mwabwera ndi thandizo. Lembani dzina la sukulu, kalasi ndi dzina limene amalembetsa nalo, poti nthawi zambiri limasiyana ndi la pakhomo. Pitani kwa mphunzitsi wamkulu ndi chilolezo, muone kaundula wa teremu iliyonse. Kaundulayo nayenso ali ndi matenda ake: masamba osoweka, masabata odzazidwa tsiku limodzi ndi cholembera chimodzi, kalasi ya ana ochuluka imene mphunzitsi sangaitane maina tsiku lililonse. Mankhwala ake ndi kufika mosalengeza masiku angapo n'kuwerenga nokha amene ali m'kalasi. Ndipo ngati mukufuna kudziwa za kuphunzira, perekani mayeso afupiafupi kunyumba, kuti osiya sukulu alembe nawo. Mayeso a m'kalasi amangoyeza otsala.

Koma nkhani ya ku Zomba siinathere pamenepo, ndipo gawo lotsatirali ndi limene limandikhudza kwambiri. Ndalama zopanda lamulo, zimene zinachepa mphamvu pa sukulu, ndizo zinachepetsa maukwati ndi 44 peresenti ndi mimba ndi 27 peresenti poyerekeza ndi atsikana osalandira kanthu. Chifukwa chake n'chomveka mukachiganizira. Mtsikana wa gulu lalamulo akasiya sukulu, ndalama zinkaima nthawi yomweyo, pa nthawi imene ali pangozi kwambiri. Mnzake wa gulu linalo ankapitiriza kulandira ngakhale wasiya, ndipo banja silinkakakamizika kumuthamangitsira ku ukwati. Kafukufuku amene akanangotsata ana a m'kalasi sakanaona zimenezi. Mu 2012 magazini ya zaumoyo ya The Lancet inafalitsanso kuti mwa atsikana amene anali pasukulu poyamba, HIV inapezeka mwa 1.2 peresenti ya olandira ndalama ndi 3.0 peresenti ya osalandira.

Ofufuzawo anabwereranso patapita zaka zoposa ziwiri ndalama zitasiya. Kusiyana kwa maukwati ndi mimba m'gulu lopanda lamulo kunali kutatha. Ndalama zitaima, ambiri anakwatiwa ndi kubereka. Chinatsala n'chakuti ana obadwa nthawi ya thandizo anali otalikirapo pa msinkhu wawo. Atsikana amene anali atasiya kale sukulu n'kubwereramo chifukwa cha ndalama zalamulo anapindula mokhalitsa pa maphunziro, pa kuchedwa kukwatiwa ndi pa kuchepa kwa ana, koma pa ntchito ndi malipiro sipanaoneke kusintha. Izi n'zowawa kuzimva kwa ife amene timauza atsikana kuti sukulu ndiyo njira. Njirayo ilipo, koma ngati kumapeto kwake kulibe ntchito yolipidwa, zaka zowonjezera za sukulu sizisanduka ndalama zokha. N'chifukwa chake mafunso a ntchito ndafotokoza poyamba aja ayenera kukhalanso mu fomu ya kafukufuku wa sukulu, ndipo afunsidwe mosamala chimodzimodzi.

Kubwerera patapita zaka kumatheka pokhapokha munakonzekera tsiku loyamba. Atsikana amasamuka kuposa wina aliyense pakhomo: ukwati, ntchito ya m'nyumba ku Blantyre kapena ku Lilongwe, kukakhala kwa azakhali. Amene amasowa si ofanana ndi otsala, kawirikawiri ndi omwe akwatiwa kapena kusiya sukulu, ndiye mukawataya zotsatira zanu zimaoneka zokongola kuposa zoona. Pa ulendo woyamba lembani maina onse a mtsikanayo ndi la kusukulu lomwe, dzina la mwinimbumba, la nyakwawa, mpingo kapena mzikiti, manambala a foni a abale awiri osakhala nyumba imodzi, ndi malo a nyumbayo pa GPS. Pobwerera kumbukirani kuti akabereka amadziwika ndi dzina la mwana, ndipo anzake a msinkhu wake amadziwa kumene ali kuposa akuluakulu. Mu bajeti muikiretu ndalama za gulu lapadera lolondola osamuka, chifukwa kupeza mmodzi wotere kumadya mafuta ndi masiku kuposa makomo angapo a m'mudzi. Polemba lipoti, musanatchule zotsatira zilizonse, onetsani kuti mwa atsikana a gulu lililonse munapeza angati, munataya angati, ndipo otayikawo anali otani pa ulendo woyamba.